Kansanza Paphewa

Akavalo onse anali atagona chagada pa udzu, miyendo m'mwamba ngati afa ndi mliri, ndipo Amílcar Bogado ankayenda pakati pawo atagwira mpeni wopalira utoto, kusowa poyambira. Calesita ya ku Paki ya Kudoko, chozungulira cha akavalo athabwa chimene ana amakwera, inali itaima. Woyendera wa ku khonsolo, mnyamata amene Amílcar yemweyo ankamunyamula kale kumukweza pa kavalo woyera mamina ali chuchuchu, anabwera atavala chipewa cholimba. Anagogoda matabwa apansi ndi chidendene, anasuzumira chitsulo chapakati chimene chinkazunguza akavalowo, kenako anamanga kachingwe kofiira kuzungulira malo onse. Ananena mwaulemu ndithu kuti matabwa afumbwa, chitsulo chang'aluka, mawaya a magetsi ndi a m'nthawi ya agogo ake, ndipo mwana sadzakweranso pamenepo mpaka zonse zitakonzedwa. Amílcar sanatsutse. Ankadziwa kale. Kulira kwa chitsulocho ankakumva m'mano chilimwe chonse, n'kumangokweza nyimbo kuti makolo asakumve.

Akavalowo anali a apongozi ake, malemu Don Genaro, amene anabwera nawo pa sitima yapamadzi m'masiku amene doko linali doko. Kunena zoona, Amílcar ntchitoyi anailowera pazenera la matikiti. Pazenerapo pankakhala mwana wa Don Genaro, dzina lake Eulalia, ndipo mnyamata wandevu kale amene amagula tikiti Lamulungu lililonse alibe mwana womukweza, mapeto ake amapatsidwa tsache. Tsopano Eulalia anali atagona kumanda akumtunda, ndipo utoto umene Amílcar ankapala unali zaka zawo zitasanjikizana. Pansi pa wofiira panali wobiriwira wa chaka chimene mtsinje wa Paraná unasefukira mpaka kufika m'makosi mwa akavalo. Pansi pa wobiriwira panali wabuluu umene Eulalia anasankha ali woyembekezera. Pansi penipeni panali golide wa Don Genaro. Ankapala pang'ono n'kuima, maso pathabwa, mtima uli kutali. Dzuwa linakwera asanamalize ngakhale khosi la kavalo mmodzi.

"Che, Bogado, ziwetozi wapha ndiwe? Ndikaitane wogula zikopa?"

Ameneyo anali Polo, akubwera motsimphina, fulasiki m'khwapa, chikho cha yerba, tiyi wowawa woyamwa ndi kapaipi, m'manja.

"Thira madzi m'chikhomo usiye kulongolola," anatero Amílcar. "Pakamwa pakopo pakanakhala injini, bwenzi calesita ikuzungulira mpaka pano."

Dzina lake lenileni linali Hipólito Maidana, koma amene ankalikumbukira anali ansembe okha. Doko litatsekedwa, anzake onyamula matumba atabalalika, iye anatola kansanza kachikasu n'kukaima pabwalo lafumbi limene linali pakati pa calesita ndi msewu. Palibe anamulemba ntchito, palibenso anamuthamangitsa. Ankakupiza kansanzako kulondolera magalimoto poima, n'kuwayang'anira eni ake ali m'paki, ndipo pochoka munthu ankamupatsa mmene mtima wamutumira. Ena ankapereka mowolowa manja, ena ankanamizira kufunafuna m'matumba mpaka Polo atawauza yekha kuti apite, Mulungu aliko. Amuna awiriwa anakalambira pamodzi, wina mbali iyi ya kampanda, wina mbali inayo, akumwera yerba m'chikho chimodzi ndi kunyozana ngati ana a mimba imodzi. Tsiku loika maliro a Eulalia, amene anagwira chigongono cha Amílcar kuti asagwere m'dzenje anali Polo.

Analinso ndi chinsinsi chawo, ndipo chinsinsicho chinali cha mphete.

Ana akakwera, nyimbo zikayamba, Amílcar ankaima m'mphepete atagwira kachipika kosemedwa ngati peyala, kunsi kwake kutalowetsedwa mphete yachitsulo. Mwana amene watsomphola mpheteyo podutsa amakweranso ulere. Lamulo ndi lomwelo pa calesita iliyonse, ndipo mwana amalidziwa asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Amílcar ankalivinitsa peyalalo, kulifikitsa pafupi ndi tizala totambasuka, n'kulibweza mwana atakhudza kale kuzizira kwa chitsulo. Tauni yonse inkakhulupirira kuti mpheteyo imapita kwa wadzanja lachangu. Bodza lokoma limenelo! Palibe mwana padziko lapansi angalande mphete kwa munthu amene waigwira moyo wake wonse, pokhapokha mwiniwakeyo atafewetsa dala dzanja.

Nanga ankadziwa bwanji womufewetsera? Zinayamba Lamulungu lina m'nyengo yozizira, onse awiri tsitsi likadali lakuda. Polo anadumpha kampanda n'kudzamunong'oneza kuti aipereke kwa kamtsikana kovala juzi yobiriwira. Anati bambo ake akhala m'galimoto nthawi yaitali akupapasa pansi pa mipando kufuna makobidi, mayi ake atayang'ana kunja kwa zenera osalankhula. Kamtsikanako kanatsomphola mphete tsiku limenelo, ndipo kanafuula mpaka mbalame zinauluka m'mitengo. Kuyambira pamenepo panalibenso kudumpha mpanda. Banja lotere likamalowa pachipata, Polo ankangoponya kansanza kake paphewa lamanzere n'kulitsatira pang'ono, ngati munthu wongowongola miyendo. Amílcar akaona, basi nkhani yatha. Kansanzako kankakwera paphewa mwina kawiri pa tsiku, masiku ena osakwera n'komwe. M'galimoto ndi mmene anthu amakanganirana, kuwerenga zotsala ndi kupukuta misozi asanatuluke ndi nkhope za Lamulungu, ndipo amene ankaona zonsezo anali Polo yekha.

M'mawa umenewo, akupatsirana chikho pakati pa akavalo ogonawo, Polo anafunsa kuti ndalama zokonzera zichokera kuti. Amílcar anangoti komiti ikumana Loweruka. Anali atatsinidwa kale khutu za zimene zikakambidwe, koma analimbikira kuyamwa kapaipi kachitsulo ngati m'chikhomo mukadali madzi.

Paki yonse inali ya kalabu ya m'deralo, ndipo Loweruka masana holo ya kalabuyo inadzaza. Wapampando anali Griselda Vallejos, mwini sitolo ya mankhwala ya pakona, mayi wokonda zinthu zolongosoka, amene ankabweza chenji mpaka kakobidi komaliza. Sanazungulire. Anati kalabu ilibe ndalama zogulira ngakhale mchira wa kavalo mmodzi. Koma kampani ina ya kumzinda waukulu inavomera kulipira zonse, matabwa, injini, magetsi ndi utoto, ikapatsidwa bwalo loimikapo magalimoto. Idzathira phula, idzamanga mpanda, idzaika mpiringidzo wodzitukula wokha ndi makina otulutsa tikiti, ndipo mtengo udzakhala umodzi kwa aliyense. Akakana, calesita igulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha.

Phokoso linabuka. Don Cirilo, amene ankaimika galimoto pabwalopo kuti akaponye mbedza, anafunsa ngati pamsinkhu wakewo akuoneka ngati munthu wokwera kavalo wathabwa. Alipirirenji utoto wa chinthu chimene sadzachikhalira? Mayi wina kumbuyo anamuyankha kuti wakhala akuimika ulere pamalo a kalabu kuyambira ali ndi tsitsi, ndiye akhale pansi. Mphunzitsi wina anati a m'nyumba zabwino za m'mbali mwa mtsinje adzabwera wapansi n'kukwera akavalo atsopano osalipira bwalo, pamene a kumidzi, amene amabwera atapanikizana m'magalimoto okalamba, adzalipira kawiri. Wina anati ndiye azibwera pabasi. Wina anafunsa kuti basi yake iti Lamulungu. Aliyense anali ndi chilungamo chake, ndipo chilungamo cha aliyense chinkathera pathumba lake.

Griselda anadikira kuti atope. Kenako anati mmene zinthu zilili panopa ndiye mopanda chilungamo mwenimweni: wamanyazi amapereka zambiri, woumira wa galimoto yaikulu amachoka osaponya kanthu, ndipo alipo amayi obwera okha amene amapereka chifukwa cha mantha, poganiza kuti akapanda kutero apeza galimoto itakandidwa. Anafulumira kunena kuti sakunena Don Polo, aliyense akumudziwa. "Koma makina sayang'ana nkhope," anatero.

"Vuto lake ndi lomwelo, Griseldita," anayankha Polo ali chiimire pakhomo, popeza sanali membala ndipo analibe mpando.

Anthu anaseka, poyesa ndi nthabwala zake za masiku onse. Griselda naye anamwetulira. Anati asaganize kuti iye calesitayo saikonda. Mawu ake anafewa, ndipo anasimba za chaka china ali kamwana pamene anatsomphola mphete Lamulungu ndi Lamulungu motsatizana. Kunyumba zinthu sizinali bwino chaka chimenecho, anatero, koma pa kavalo paja anaphunzira kuti dzanja lake likhoza kumupezera kanthu popanda womukondera. Mpaka lero akakumana ndi zovuta amakumbukira kuzizira kwa mphete ija m'chikhatho. Chimene ankafuna n'chakuti adzukulu a onse amene anali m'holomo adzaimve mphete imeneyo.

Amílcar anaikumbukira bwino juzi yobiriwira ija. Inali yaikulu, yopindidwa m'mikono. Anatembenukira kukhomo. Polo anali atakweza maso kudenga, akuwerenga akangaude.

Apa ndi pamene Amílcar akanaimirira n'kunena chimene kansanza kachikasu kankachita pabwalo lija. Koma akananena bwanji? Theka la anthu a m'holomo anatsompholapo mphete m'chaka chawo choipa, ndipo aliyense anaisunga mumtima ngati chinthu chimene anapata yekha. Kuulula kukanakhala kuyenda mpando ndi mpando kuwalanda. Chifukwa chimenecho chinali choona, koma tisamuyeretse mkuluyu: pansi pa chifukwacho panali china. Ankawafuna akavalo ake. Ankafuna kuwaonanso ataimirira, kumvanso nyimbo, kuonanso zenera lija la matikiti litayaka. Griselda atapempha kuti ovomera akweze manja, anthu ambiri anayamba ayang'ana kwa Amílcar kuti aone mwini akavalo atani. Dzanja lake linakwera, ndipo manja ena analitsatira ngati nkhuku zoona chimanga. Atacheukanso, pakhomo panalibe munthu.

Nyengo yozizira inalowa ndi mvula yake yowaza. Polo sanabwerenso kupaki. Amílcar anagula fulasiki yakeyake, koma yerba yomwa wekha imangowawa basi, ilibe nkhani. Atapirira mokwanira, anavala jekete n'kupita kunyumba kwa mnzakeyo, kuseri kwa njanji yakale, atanyamula uthenga umene ankauyesa wabwino: Griselda anali atalankhula ndi a kampani, ndipo anavomera kumulemba Polo ntchito yoima pampiringidzo, atavala chovala chowala, kuthandiza osadziwa kudina batani.

Polo anamulandira pakhonde, anamupatsa mpando wabwino, anamufunsa za mawondo. Ulemu wake unali wochititsa mantha. Atamva za ntchitoyo anaseka pang'ono.

"Batani likufuna mphunzitsi tsopano? Ndipo wina akabwera ndalama zitaperewera, ndizimuuza chiyani? Abwerere chambuyo ana akuona?"

"Ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, Polo. Pamsinkhu wathuwu..."

"Dzanja lako ndinaliona, Bogado. Pa mphete limadziwa kunjenjemera, limadziwa kufewa. Tsiku lija linaima nji, ngati la msilikali."

Amílcar anatulutsa chikho chimene anabwera nacho. Anatsegula fulasiki yake, anathira madzi m'chikho, anayamba wamwa yekha monga mwa mwambo, anathiranso n'kupatsira mnzakeyo. Polo anayamwa mpaka chikho chinalira, ndipo pobweza anati, "Zikomo."

Munthu amathokoza chikho pokhapokha akafuna kuti asamupatsenso. Pa zaka zonse zimene anamwera limodzi, Polo anali asanathokozepo madzi akadali otentha; ankamwa mpaka yerba itasukuluka, n'kumadandaula kuti fulasiki za masiku ano n'zazing'ono. Amílcar anatseka fulasiki ili yodzaza, anatsanzika, n'kubwerera mumvula. Mbama sikanamupweteka ngati mmene zikomo ameneyo anamupwetekera.

Ntchito yokonza inayenda, ndipo inayenda bwino. Amisiri anayala matabwa atsopano onunkhira utomoni. Anachotsa chitsulo chong'aluka chija n'kuika china, ndi injini yoyenda mwakachetechete moti munthu ankadzimva yekha akupuma. Mtsikana wina wodziwa kupenta zifanizo za m'tchalitchi anapala akavalo mpaka kufika pa golide wa Don Genaro, ndipo anafunsa Amílcar mtundu uliwonse mmene unalili: chishalo cha uyu, maso a uyo, kabwato ndi kandege zokweramo ana zomwe. Kwa kavalo mmodzi, wamng'ono wa kumapeto, Amílcar anapempha kuti abwezere wabuluu wa Eulalia. Tsiku limene anawaimiritsa pa zitsulo zawo n'kuyatsa magetsi, mkuluyu analira osabisa. Anali wokondwa, ndipo kukondwako kunkamuchititsa manyazi, chifukwa kuseri kwa mpanda watsopano makina anali akuthira phula pamalo pamene mnzake anaimapo zaka zonse zija. Walira mvula walira matope.

Anatsegulira Lamulungu lina mitengo ya lapacho itachita maluwa. Ansembe anawaza madzi odalitsa, Griselda anadula riboni, wogulitsa mbuliwuli anasowa nthawi yokanda pamphuno. Makolo amene anakwerapo akavalowo ali ana ankawasisita m'makosi, kuwatchula maina, kuuza ana awo kuti uyu anali wanga. Nyimbo zitayamba, Amílcar anatenga peyala lake lakale, chinthu chokhacho chimene anakana kuti achipente, n'kuima pamalo pake.

Maso ake anapita okha kubwalo la magalimoto, monga ankachitira nthawi zonse. Anaona phula lakuda, mizere yoyera, magalimoto onyezimira ataima motalikirana, malo ambiri opanda kanthu, ndi mpiringidzo ukukwera n'kutsika. Anabweza maso kwa ana. Ankadutsa pamaso pake atatambasula tizala, akufuula kuti Don Amílcar, ine, ine, ndipo onse ankaoneka ofanana. Lamulungu mayi aliyense amachapa ndi kusita umphawi wake mpaka osaoneka. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchitoyi, sanadziwe woti amufewetsere dzanja. Anali ngati munthu amene wazindikira ali pakati pa msika kuti magalasi wawasiya kunyumba.

Anayesa kulota. Anasankha kamnyamata ka buluku long'ambika m'mawondo, n'kukasiyira mphete. Kanatsika kakudumphadumpha kupita kwa bambo ake, amene anali dokotala wa mano wa pa msewu waukulu. Bulukulo analigula long'ambika kale, pamtengo wokwera. Pa ulendo womwewo, kamtsikana kovala diresi yoyera yokhala ndi maliboni kanatsitsidwa pa kavalo wabuluu ndi agogo ake aamuna, nkhalamba ya chipewa chakumunda. Sikanalire, sikanapemphe kukweranso. Kanangosisita kavaloyo pamphuno n'kugwira dzanja la agogo ake. Amílcar ankaudziwa bwino mtundu umenewo wa kukhala chete: ndi wa mwana amene anauzidwiratu m'galimoto kuti kamodzi kokha. Anauzindikira mphete itapita kale.

Anawatsatira ndi maso. Sanalowe m'bwalo laphula. Analambalala mpanda, anawoloka msewu, n'kulunjika kumene kuli nyumba zakale zosungiramo tirigu. Kumeneko, m'fumbi, munali mzere wautali wa magalimoto okalamba, a zitseko zamitundu iwiri, ena omangidwa ndi waya, a anthu amene anawerenga mtengo pampiringidzo n'kupitirira. Ndipo pamthunzi wa khoma, atakhalira kabokosi kotembenuza, panali Polo.

Anali atachepa thupi. Ankalondolera magalimoto ndi dzanja lopanda kanthu. Amílcar anaiwala ana, anaiwala peyala, anangoima. Patali choncho nkhope sinkaoneka bwino, koma anadziwa nthawi imene mnzakeyo anamuona, chifukwa mutu wake unasiya kuyendayenda. Anayang'anana pamwamba pa mpanda, phula ndi msewu. Nthawi yomweyo banja lina linkatsika m'galimoto yakale yonyamulira malalanje, mayi akukonza kolala ya kamnyamata. Polo anawayang'ana, anayang'ananso kwa Amílcar. Kenako anapisa m'thumba lakumbuyo pang'onopang'ono, anatulutsa kansanza kachikasu, n'kukaponya paphewa lamanzere.

Mtima wa Amílcar unadumpha ngati wa mnyamata pazenera la matikiti. Analiloweza banjalo likuwoloka, anakadikira kamnyamatako mpaka katakwera, anakavutitsa maulendo angapo kuti kasakayike, kenako anafewetsa dzanja. Kanafuula, mayi ake anagwira pakamwa. Amílcar anatembenuka msanga kuti mnzake aone kuti uthenga wafika.

Kansanza kanali kakadali paphewa. Banja lina linkawoloka, la ana atatu. Amílcar anasankhapo mmodzi pa ulendo wotsatira, n'kuyang'ananso. Kanali pomwepo. Kunkabwera agogo aakazi ndi mapasa, kumbuyo kwawo bambo atanyamula mwana pakhosi, kumbuyo kwawonso ena. Poyamba anaganiza kuti Polo wakalamba, waiwala kukachotsa, ndipo anaseka yekha pokonzekera mmene akamunyozere. Koma anaona mnzakeyo akuwerama kutola kanthu pansi, kansanza n'kugwa, iye n'kukatola, kukakung'untha, n'kukabwezera paphewa lomwelo. Kuseka kunamuthera.

Masana onsewo anagwira ntchito ngati wamisala. Ankapereka mphete ulendo uliwonse, nthawi zina nyimbo zisanafike n'pakati pomwe, kuti ulendo wina uyambe msanga. Mayi wogulitsa matikiti anatulutsa mutu pazenera n'kufunsa ngati dzanja likumupweteka, chifukwa ana okwera ulere achuluka. Iye anati inde, ndi ukalamba. Komabe pa mwana mmodzi aliyense amene ankatsomphola, ena angapo ochokera kutsidya kwa msewu ankatsitsidwa mwakachetechete, n'kusisita kavalo, n'kumapita. Kale ana otere ankasowa pakati pa anzawo, ndipo pankafunika diso la Polo kuti apezeke. Tsopano mpiringidzo unali utawasankhiratu n'kuwaunjika mbali imodzi, ndipo unachita zimenezo mosakondera, pamtengo umodzi kwa aliyense.

Dzuwa litapendeka, Griselda anabwera nkhope ili ngwee, atagwira mdzukulu wake padzanja. Anamupsompsona Amílcar patsaya n'kunena kuti Don Genaro akanakhalapo akananyadira. Ankanena zoona. Amílcar anamuthokoza, anapempha kuti calesita ipume pang'ono, anapachika peyala pa msomali wake, n'kutenga fulasiki ndi chikho.

Kuwoloka msewu umenewo kunamutalikira. Polo sanaimirire, koma anasuntha pang'ono pa kabokosi kaja, kusiya malo okwanira theka la munthu. Amílcar anakhala. Kuchokera pamenepo calesita inkaoneka yonse, magetsi atayamba kuwala, akavalo agolide ataima mwakachetechete, wabuluu ali kumapeto. Inali yokongola kuposa mmene inalili ngakhale m'masiku a Don Genaro.

"Mwaipenta bwino," anatero Polo.

"Kansanza wakaiwala paphewa."

"Sindinaiwale. A mbali ino onse ndi omwewo, che Bogado. Ndikachotsere ndani?"

"Mphete ndili nayo imodzi, Polo."

"Ndikudziwa. Inenso phewa lamanzere ndili nalo limodzi."

Amílcar anathira madzi, anamwa choyamba, anathiranso. Dzanja limene linaima nji m'holo muja tsopano linatayira madzi ena pa nsapato. Anapereka chikho osayang'ana nkhope ya mnzake. Polo anachilandira, anayamwa mosafulumira mpaka chinalira, n'kukhala nachobe m'manja kanthawi, akuyang'ana akavalo. Amílcar anadikira kumvanso zikomo uja.

Polo anabweza chikho osanena kanthu.

"Madzi ako ndi ofunda ngati a m'bafa," anatero Polo. "Thiranso."

Amílcar anathira. Asanapereke, galimoto ina yokalamba inakhota kuchokera kumsewu ikutsokomola utsi, mitu ya ana ili m'mazenera. Polo anadzuka mogwira bondo, anakonza kansanza paphewa kuti kasagwe, n'kupita kukailondolera poima. Amílcar anatsala pa kabokosi atagwira chikho chodzaza, akuwerenga mitu ija.